Kansalu ka pa Makina a ku Nkhamenya

Ana anga, mwakhala mukundifunsa, makamaka iwe Tadala, chifukwa chimene munakulira ku Kasungu kuno pamene anzanga amene ndinayamba nawo ntchito anakathera ku Lilongwe m'nyumba za mipanda. Amayi anu mukawafunsa amangoti, "Afunseni eni akewo, ndi amene anakwatira makina." Ine pakamwa ndimalephera kufotokoza, mukundidziwa. Ndiye ndati ndilembe.

Ntchito yoyamba, pa esiteti

Za ubwana wanga sindichulutsa. Makolo anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo anandilera ndi agogo anga aakazi ku Lukwa. Mwana wopanda makolo amaphunzira msanga kukhala chete ndi kuyang'ana. Pamudzi pakasowa kanthu, kaya dzira kaya mpeni, maso onse ankagwera ine. Agogo sankakangana ndi munthu. Ankangonyamuka pamene anali, n'kudzakhala pansi pafupi nane, bondo lawo likugunda langa, n'kupitiriza kusoka fodya wawo ngati palibe chimene chikuchitika. Anthu ankalankhula, n'kutopa, n'kubalalika.

Nditamaliza sukulu ndinalembedwa ukalaliki pa esiteti ina ya fodya wa bale cha ku Lisasadzi. Ntchito yanga inali kuyeza mabelo ndi kugawa chimanga kwa matenanti, mabanja ochokera kutali amene ankakhala m'timisasa kuseri kwa zigafa. Mwini esitetiyo anagula kompyuta, koma aliyense ankaiopa, moti inkakhala yofunditsidwa ngati wodwala. Ikavuta ankaitana munthu wochokera ku tauni. Ine ndinkaima kumbuyo kwake ngati ndikudikira kutumidwa, koma maso ali pa zala zake. Patapita nthawi anasiya kumuitana. Ndinachita maphunziro a makompyuta pang'onopang'ono, a masiku a Loweruka, ndipo pamene ndimakwatira amayi anu n'kuti anthu atayamba kunditchula kuti a Mwale a makompyuta.

Chaka chimene makuponi anayamba

Chaka chimenecho ndinalowa ntchito ya makompyuta pa kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi. Ofesi yathu inali pa boma, ndipo tinali ndi madepoti awiri, ya ku Lisasadzi ndi ya ku Nkhamenya. Mlimi akabwera ndi kuponi ya fetereza, kalaliki ankalemba nambala yake pa kompyuta, nambalayo n'kupita ku ofesi yathu ya pa boma kukafunsa ngati kuponiyo ndi yeniyeni ndiponso ngati sinagulirepo kale. Yankho likabwera m'pamene thumba linkatuluka.

Pamalo aliwonse panali kompyuta yaikulu imene tinkaitcha seva, yosunga zonse za pamalopo. Pambali pa seva iliyonse panali kabokosi kolumikizidwa ndi chingwe chachifupi, makina a tepi. Ntchito yake inali kukopera zonse za m'seva n'kuzilemba pa tepi, kuti tsiku limene seva yafa ifenso tisafe nayo limodzi. Kukoperako n'kumene timati bakapu. Seva ya pa boma ndiyo inali kapitawo wa zinzake: pulogalamu ya bakapu inkakhala mmenemo, n'kumalamula kuti uyu ayambe nthawi yakuti, alembe pa makina akuti. Madepoti ankalumikizana ndi boma pa layini ya pa mlongoti. Layiniyo inali ngati kanjira ka m'munda: munthu adutsa bwinobwino, ngolo ayi.

Bwana wathu anali a Kamphinda, munthu wamtali, wa mawu apansipansi. Sanali wankhanza. Maliro akagwa kwa wantchito, ngakhale mlonda, ankafika oyamba, lole ya nkhuni ili pambuyo. Koma chilichonse chinkayenera kudzera m'manja mwawo. Babu likapsa ku Nkhamenya, lopsalo linkayamba latumizidwa ku boma kuti alione, kenako m'pamene latsopano linkapita. Ankanena okha monyadira kuti tsiku limene munthu wa ku Lilongwe anadzaika makinawa, ine ndisanalembedwe, anawafunsa kuti matepi azilembedwa kuti, iwo n'kuyankha, "Kuno. Chilichonse kuno." Munthuyo anachita zimene anauzidwa. Anadziwitsa pulogalamu za makina a tepi a pa boma okha, ndipo ntchito zonse za bakapu anazisiya pa lamulo lakuti zizilembedwa paliponse pamene pali mpata. Poti pulogalamuyo inkadziwa makina amodzi okha, mpatawo nthawi zonse unkapezeka pa boma. Zonse za ku madepoti zinkayenda pa kanjira kaja, ndipo masiku amenewo katundu anali wochepa, kukamacha n'kuti zatha. Mmawa uliwonse a Kamphinda ankatsegula kabati n'kuyang'ana matepi awo ali ndondondo, mtima n'kukhala pansi.

Dzinja limene mzere unakana kuyenda

Patapita zaka zingapo makuponi achinyengo anachuluka, ndiye tinalamulidwa kuti tizijambulanso kuponi iliyonse n'kusunga chithunzi chake. Katundu wa m'maseva anakula mwadzidzidzi. Nthawi yomweyo magetsi anayamba kuthimathima. Dzinja limenelo likulu lathu la ku Lilongwe linkafuna munthu wa makompyuta, ndipo a Kamphinda anapereka dzina langa. Anandiuza kuti ndikayambe kumayambiriro kwa mwezi wotsatira. Amayi anu anali atayamba kale kupempha makatoni m'magolosale.

Mvula yoyamba itagwa, madandaulo anayamba kubwera kuchokera ku Nkhamenya. Mzere sukuyenda. Anthu akugona pa depoti, chimanga chikumera kumunda opanda fetereza. Kalaliki wa kumeneko anali mayi Gondwe, amene anthu a kumeneko ankawatchula kuti anyaGondwe, mayi wamasiye wolera ana ake pamodzi ndi a malemu mchemwali wake. Mphekesera inamveka yakuti akuchedwetsa dala mzere kuti anthu atope, azigulitsa makuponi kwa mavenda, iwo n'kumalandira zakumbali.

A Kamphinda anandiitana. "A Mwale, musanatithawe, pitani ku Nkhamenya mukaone kompyuta ija. Ngati ili bwino, ndiye kuti vuto ndi munthu."

Ndinafika dzuwa litakwera. Mzere unachokera pa windo la depoti, kuzungulira mtengo wa mango, mpaka kumsewu. Azimayi anali atayala zitenje pansi, ena akuyamwitsa. Chapatali panaima matenanti a m'maesiteti a pafupi, amene analibe makuponi poti maina awo anali kumidzi kwawo, akudikira ganyu yonyamula matumba imene sinkabwera. Mkati mayi Gondwe anandilandira ataimirira, manja onse awiri, n'kundipatsa moni wa Chitumbuka. "Monire adada. Mwabwera kudzanditenga?" Anaseka pang'ono, koma maso anali ofiira.

"Ayi mayi, ndabwerera kompyuta. Pitirizani ntchito, ine ndingokhala apa."

Ndinakhala pakona n'kumayang'ana. Ankalemba nambala mofulumira, mosalakwitsa, kenako n'kuika manja pa miyendo. Kompyuta inkangoti dikirani. Mlimi wa pa windo ankayang'ana manja amene ali pa miyendowo. Kunja wina anakuwa, "Mayi inu, mukuluka juzi mmenemo?" Wina n'kuti, "Akudikira mavenda a njinga zamoto, ife a mapazi ong'aluka tilibe nambala!" Mayi Gondwe anangotembenukira kwa ine n'kunena chapansipansi, "Ku tchalitchi ndasiya kukhala kutsogolo. Mwana wanga ku sukulu akumutcha mwana wa venda."

Kompyutayo inali bwino, seva inalinso bwino. Koma timagetsi ta pa kabokosi ka layini tinkaphethira mosapumira, masanasana, pamene nambala imodzi ya kuponi sikanthu. Nditafufuza ndinapeza kuti ndi bakapu ya dzulo. Inkayamba anthu akaweruka, magetsi n'kuthima isanafike pakati, ndiye mmawa mayi Gondwe akaliza jenereta inkayambiranso pachiyambi, kukoka zithunzi zonse zija kupita nazo ku boma. Ngolo inali itatseka kanjira tsiku lonse, nambala za alimi zikudikira kumbuyo kwake. Ku Lisasadzi zinkapepukako chifukwa kuli pafupi ndipo layini yawo inali yamphamvu.

Pambali pa seva panali kanthu kovindikiridwa ndi kansalu koyera koluka pamanja, pamwamba pake atakhazikapo botolo la maluwa a pulasitiki. Ndinafunsa, "Nanga aka?"

"Ako? Chibwerereni sikanayambe kagwirapo ntchito. Ndinafunsa, anati ndisakagwire, n'ka ku boma. Ndiye ndinangokalukira kansalu, fumbi la kuno ndi loipa."

Ndinakweza kansaluko. Anali makina a tepi, atsopanotsopano, chingwe chake chili cholumikiza bwinobwino ku seva. Chimene chinkayenda ulendo wonse uja kupita ku boma chikanatha kulembedwa pomwepo, kutalika kwake dzanja limodzi.

Loweruka la kumunda kwa bwana

Nditabwerera, mtsikana wotayipa anandinong'oneza kuti kalata yochotsa ntchito mayi Gondwe yalembedwa kale, ikungodikira lipoti langa. Mu ofesi mwa bwana munali alendo. Ndikanati kompyuta ili bwino, chimene chinali choona, mayiyo akanapita. Ndikanati vuto ndi lamulo lija lakuti chilichonse kuno, pamaso pa anthu, bwana sakanabwerera m'mbuyo. Munthu wamkulu sauzidwa zotero anthu akumva. Ndinaganizanso zongosintha mwakachetechete n'kunyamuka wa ku Lilongwe. Koma a Kamphinda akanaona kuti matepi a pa boma asiya kudzaza, ndipo akanati mayi Gondwe wagwira makina kuti abise kanthu. Ndinangoti, "Bwana, ndikadali kufufuza."

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kumunda kwawo. Ndinawapeza akuwokera fodya ndi antchito awo, atavala magambutsi. Ndinagwira nawo mzere umodzi kaye, kenako anandikodola, tinakakhala pansi pa chigafa chopanda kanthu. Ndinafotokoza za ngolo ndi kanjira. Ndinati seva iliyonse izilemba pa makina ake amene ili nawo pambali, ndipo pa layini pazingoyenda uthenga waung'ono wouza seva ya pa boma kuti ntchito yatha. Iwo mmawa aziona ali pampando pawo kuti Nkhamenya yalemba, Lisasadzi yalemba. Matepiwo azibwera Lachisanu lililonse pa lole ya a Jere, dalaivala wathu, n'kulowa mu kabati yawo yomwe ija.

Anayamba kuchotsa matope ku gambutsi ndi kamtengo. Kenako anati, "A Mwale, inu mumandiona ngati munthu wokonda kugwira chilichonse. Ndikudziwa, za mababu zija mumaseka. Ine ndili mnyamata ndinkagwira pa depoti ina kumadzulo uko. Inapsa, mabuku onse momwemo. Akuluakulu atabwera anati tayatsa dala. Panalibe pepala lotiikira umboni, lililonse linali phulusa. Mkulu wanga wa pa ntchitopo, munthu woti sankatenga ngakhale cholembera cha kampani, anafa anthu akumunenabe kuti wakuba. Kuyambira pamenepo ndinati chimene ndikuyankhira ine chizigona pamene ndikuchiona."

"Ndamva bwana. Koma panopa ku Nkhamenya kuli munthu wina amene akunenedwa chimodzimodzi."

Anandiyang'ana. Aka kanali koyamba kuti ndiwayankhe choncho. "Mwina mukunena zoona. Koma taganizani. Anthu akumuloza chala, ine n'kumupatsa matepi kuti azigona nawo sabata yathunthu? A ku likulu akandifunsa ndidzati chiyani? Ngati mukufuna njira yanuyo, mukakhale komweko inuyo. Matepi m'manja mwanu, kiyi m'thumba mwanu, mpaka fetereza atathe. Mzere ukayenda, kalata ija ndiing'amba. Ukapanda kuyenda, ndiipereka."

"Nanga ku Lilongwe, bwana?"

"A ku Lilongwe sadikira munthu. Ndiwatumizira wina. Musayankhe lero, mukafunse kunyumba."

Ndinafunsa tsiku lotsatira, titachokera ku tchalitchi. Amayi anu anali atagwada akukulunga makapu m'manyuzipepala. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kapu ili m'manja.

"Bambo a Tadala, mayi ameneyu ndi m'bale wanu?"

"Ayi."

"Munamulonjeza kanthu?"

"Ayi."

"Ndiye ana anu asiye sukulu za ku tauni chifukwa cha munthu woti ngakhale dzina lake loyamba simulidziwa? Makina amenewo sangakonze wina?"

Ndinati wina adzabwera mwezi wa mawa, kalata itaperekedwa kale, ndipo adzakonza bwinobwino, mzere n'kuyenda, anthu n'kunena kuti mwaona, wakuba wachoka. Ndinati ana a m'nyumba ija, ena mwa iwo amasiye, adzakula ndi dzina limenelo. Amayi anu anatsala pang'ono kulira, koma sanalire. Anayamba kumasula makapu aja imodziimodzi n'kumabwezera mu kabati mwamphamvu, moti imodzi inathyoka chogwirira. Potsiriza anati, "Bulangete mutenge lakalelo. Latsopanoli ndinagulira ku Lilongwe, likhala m'pepala mwake mpaka tidzapite."

Sabata yoyamba ku Nkhamenya

Lolemba ndinakwera minibasi ndi chikwama, bulangete lakale ndi katoni ya matepi. Anandipatsa kachipinda ka kuseri kwa depoti, konunkha fetereza. Madzulo anthu ataweruka ndinachotsa maluwa ndi kansalu kaja. Makinawo anali oyera ngati angotuluka m'sitolo. A ku Lisasadzi, amene sanavindikiridwe, nditadzawatsegula pambuyo pake ndinapeza fumbi la fodya lokhalokha. Ndinadziwitsa pulogalamu ya pa boma kuti ku Nkhamenya kuli makina a tepi, ndipo mwini wake ndi seva ya ku Nkhamenya. Kenako ndinatsegula ntchito ya bakapu ya ku Nkhamenya, n'kuchotsa lamulo lija la paliponse pamene pali mpata, n'kuikapo dzina la makina ake. Ndinalowetsa tepi. Kagetsi kobiriwira kanayamba kuphethira, makinawo n'kumalira ngati njuchi. Mayi Gondwe anagwira pakamwa. "Kani kamalankhula!" Dzuwa lisanalowe bakapu inali itatha. Ndinagona mtima uli m'malo.

Mmawa jenereta italira, nambala zoyamba zinayenda bwino, kenako zonse zinaimanso. Dikirani. Dikirani. Anthu amene anali atamva kuti kwabwera katswiri anayamba kuwira. Ndili mkati mofufuza, ndinamva galimoto ikuima panja. Anali a Kamphinda. Analowa osakhala pansi, envelopu ikuonekera m'thumba la jekete. Kunja anthu atazindikira kuti ndi bwana anayamba kukuwa, "Achoke! Achoke mayi ameneyo!" Mayi Gondwe anali pa windo, manja ali pa miyendo, akuyang'ana pansi.

"A Mwale," anatero bwana, "ndi zimenezi?"

Ndinatenga kampando kanga pakona paja n'kukakakhazika pa windo pomwepo, pafupi ndi mayi Gondwe, pamene aliyense wa pa mzere ankationa tonse awiri. Ndinakokera kiyibodi yawo kwa ine n'kuyamba kugwirira ntchito pamenepo. Bambo wina wa chipewa cha mlaza anakuwa, "Onani, abweretsa wina wodzagawana naye!" Anthu anaseka. Wina anati, "Ameneyo ndiye mwini mavenda, taonani nsapato!" Sindinadzutse mutu. Patapita kanthawi phokoso linayamba kuchepa, poti kukuwira anthu awiri amene akhala phee n'kotopetsa.

M'kachetechete mmenemo ndinamva kulira kwa njuchi kuja. Makina a tepi ankalemba, masana, pamene bakapu ya ku Nkhamenya inatha dzulo. Nditayang'ana bwino ndinaona kuti akulemba katundu wa ku Lisasadzi. Ntchito za maseva enawo zinali zikadali pa lamulo la paliponse pamene pali mpata. Kale mpata unali pa boma pokha. Tsopano pulogalamu inali itamva za makina ena, ndipo itapeza a pa boma ali otangwanika, inatumiza ngolo ya ku Lisasadzi kubwera kwa ife, pa kanjira komwe kaja, kungoti yatembenuka.

Layini inali yodzaza moti sindikanatha ngakhale kufika ku seva ya pa boma kuti ndiimitse. Ndinatambasula dzanja n'kuzimitsa makina a tepiwo. Bwana anatsokomola. Ntchito ija inalephera, kanjira kanatseguka. Isanayambirenso ndinalowa mu pulogalamu, n'kutchula ntchito iliyonse ndi makina ake: ya pa boma pa makina a pa boma, ya ku Lisasadzi pa boma pomwepo kufikira nditapita kukakonza awo. Makina a ku Nkhamenya ndinawaikira lamulo lakuti asalandire ntchito ya wina aliyense, pokhapokha imene yawatchula dzina. Ndinawayatsanso. Anakhala chete.

Ndinabweza kiyibodi. "Lembani, mayi."

Pa windo panali agogo ena aakazi, kuponi ataimanga pa mfundo ya chitenje. Mayi Gondwe analemba nambala, ndipo asanabweze manja pa miyendo yankho linali litafika. Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso kompyuta. "Wotsatira!" anaitana. Wotsatirayo chimodzimodzi. Matenanti aja anathamangira ku chitseko cha nyumba ya matumba, ganyu yayamba. Bambo wa chipewa uja atafika pa windo anavula chipewacho n'kuti, "AnyaGondwe, lero mwadya chiyani?" Iwo anayankha osamuyang'ana, "Ndamaliza juzi ija, adada. Wotsatira!"

A Kamphinda anakhala pa thumba la mbewu akuonerera mpaka mzere unachoka kumsewu n'kufika pa mango. Kenako anandiitana. "Kulemba ndaona kuti kukulemba. Nanga seva ikafa, zimene zili pa tepi yanuyo zibwerera?" Ndinati asankhe okha chinthu chilichonse m'sevamo, tichifufute. Anafufuza, n'kuloza chithunzi chawo cha tsiku lotsegulira depoti, atavala suti akudula riboni. "Ichi. Chikasowa palibe adzalire." Ndinachifufuta iwo akuona, n'kuuza pulogalamu kuti ichitenge pa tepi ya dzulo. Njuchi inalira pang'ono, chithunzi chija n'kubwerera. Anachiyang'ana nthawi yaitali. "Ndinali wonenepa," anatero.

Sanapepese, ndipo palibe ankayembekezera kuti apepesa. Anangoti, "AnyaGondwe, pa depoti pano alendo samwa tiyi?" Aka kanali koyamba kuwatchula choncho. Tiyi atabwera, mbaula ya makala ikadali pakhomo, anatulutsa envelopu ija, n'kuipinda pawiri, n'kuiika pa makalapo ngati munthu amene akungosonkhezera moto. Mayi Gondwe anaona. Anatembenuka n'kuyamba kutsuka kapu imene inali yotsuka kale.

Fetereza atatha

Ndinakhala ku Nkhamenya mpaka chimanga chitamasula ngayaye. Lachisanu lililonse a Jere ankanyamula matepi m'kachikwama kokhoma, akudandaula kuti tsopano asanduka a positi. Ndinaphunzitsa mayi Gondwe kusintha tepi, kulemba tsiku pa chikuto chake, ndi kuyang'ana mmawa ngati yalembedwa. Pamene ndimachoka, bwana anatumiza uthenga wakuti kiyi ndisiyire iwowo. Anagwira ntchito pa depotipo mpaka anapuma ndi ulemu wawo, ndipo mwana uja ankatchedwa wa venda ndi mphunzitsi tsopano.

Malo a ku Lilongwe anapita kwa mnzanga wina, ndipo anawagwira bwino. Mwayi wotero sunabwerenso. Sindikunamizani kuti sindinkauganizira. Pamene inu munkakhala pansi m'kalasi chifukwa chosowa madesiki, ndinkauganizira kwambiri. Bulangete latsopano lija amayi anu analimasula patapita zaka, tsiku limene iwe Tadala unkapita ku sekondale yogonera komweko.

Tsiku lonyamuka, ndikudikira minibasi, mayi Gondwe anabwera ndi kanthu kokulunga m'nyuzipepala. Kanali kansalu kaja, atakachapa n'kukasita. Ndinati nanga makina avindikira ndi chiyani. Anati, "Munanena nokha kuti akamagwira ntchito amafuna mpweya. Tengani, mukapatse amayi a kunyumba. Mukawauze kuti ndikudziwa chimene anasiya. Ndathokoza, yewo chomene."

Ndinakapereka monga anandituma, ndi mawu ake omwe. Amayi anu anakatembenuza uku ndi uku, n'kuti, "Lilongwe yense wathera apa?" Ndi kansalu kamene kali pansi pa wailesi pa balaza paja. Mwakula mukukaona, ndipo mukudziwa kuti m'nyumba muno palibe amaloledwa kukachapa koma iwo okha.